Kakiyi kakang'ono kamene kanandidyera ndalama

Njinga yanga yamoto inayamba kuvuta nditagwa nayo mumchenga panjira ya ku Makanjira. Ndikaponda kiki inkandibwezera mwendo, pena n'kuphulika ku ekizozi ngati mfuti. Pulagi ndinasintha, CDI (kabokosi kotumiza moto ku pulagi) ndinagula ina pa Mangochi boma, ndalama zinangolowa m'madzi. Moto wa pulagi unali bwinobwino, wabuluu, kungoti unkabwera nthawi yolakwika.

Pa injini za CDI taimingi (nthawi imene moto umabwera pa pulagi) sitembenuzidwa ngati pa zakale zamapointi zija. Imatsatira kachitsulo ka pa flywheel (gudumu lachitsulo lozungulira m'injini) kakamadutsa pa pickup coil (kakoyilo kouza CDI nthawi yotulutsa moto). Nditazula flywheel ndi puller (chida chozulira), ndinapeza kakiyi kake koigwira pa shafiti, kooneka ngati theka la mwezi, kataduka, flywheel itasuntha pang'ono. Ndinaika kena, ndinapukuta mafuta pa shafiti, n'kumanga nati zolimba. Kiki imodzi yokha, inalira.