Kulondola dzanja la maboma akunja uli ku Mchinji: mmene ndimachitira ine

Ndine mphunzitsi wopuma, ndimakhala ku Kamwendo. Kwa zaka zingapo ndakhala ndikugwira ntchito mongodzipereka ku bungwe lina lothandiza anthu, lomwe limafufuza mmene maboma a maiko ena amalowetsera dzanja m'zochitika za kuno kwathu. Malipiro palibe, amangotibwezera ya basi ndi ya bando. Achinyamata angapo andifunsa kuti ntchitoyi imayambira pati, ndiye ndati ndilembe kamodzi kuti ndisamabwerezebwereze.

Musanagule n'komwe kope, gwirani ichi: kukopa ndi kwina, kulowerera ndi kwina. Boma lililonse limakopa anzake, ndipo limatero masana dzuwa likuswa mtengo. Njanji imene imafika pa boma pathu kuchokera ku Lilongwe inamangidwa ndi thandizo la Canada. Chipatala chachikulu cha Mzuzu anamanga ndi a Taiwan. Kumapeto kwa 2007 boma la Bingu wa Mutharika litasiya Taiwan n'kupalana ubwenzi ndi China, tinaona nyumba ya malamulo ku Lilongwe, msewu wa Karonga-Chitipa, yunivesite ya MUST ku Thyolo ndi bwalo la masewero la Bingu. Dziko la Britain, kazembe wake Fergus Cochrane-Dyet atapitikitsidwa mu April 2011, linaimitsa thandizo lake la ku bajeti chaka chomwecho. Zonsezi ndi mphamvu, ndipo timazilemba, koma mwini wake amadziwika. Kulowerera ndi pamene mwini dzanja akubisala: ndalama zopita kuchipani mwamseri, nkhani zabodza zofalitsidwa ndi masamba onamizira kuti ndi a Amalawi, kuopseza mtolankhani kuti akhale chete. Wofufuza wosasiyanitsa ziwirizi amatha kuona mfiti pa mjigo uliwonse.

Ine ndinayamba choncho, ndipo ndinachita nazo manyazi. Chaka changa choyamba ndinamva kuti cha ku Mkanda kwakumbidwa mijigo itatu chisankho chili pafupi, ndipo okumbawo amabwera ndi azungu. Anthu ankati ndi ndalama za dziko lina zogulira mavoti. Ndinalemba lipoti usiku womwewo, mtima uli dyokodyoko kuti ndagwira nsomba yaikulu. Mayi amene amatiyang'anira anangondifunsa pa foni kuti, "Aphunzitsi, mwafikako?" Ndinali ndisanafikeko. Nditakwera kabaza n'kukafika, ndinapeza pa simenti ya mjigo palembedwa ndi msomali dzina la mpingo wina, ndipo a komiti ya mjigo anatulutsa kope lawo lokutidwa ndi pepala la shuga, momwe munali tsiku limene mudziwo unapempha madzi, zaka ziwiri chisankho chisanayandikire. Ndalama zinali zopereka za akhristu anzawo a kunja, boma lililonse mulibemo. Kandimverere anakanena za m'maluwa. Kuyambira tsikulo sindilemba ngati chotsimikizika chinthu chimene sindinachione ndi maso kapena kuchigwira papepala.

Choncho yambani ndi chikwangwani. Pafupifupi chitukuko chilichonse chimakhala nacho, ndipo anthu amachidutsa osawerenga. Chijambuleni chonse, kenako lembani m'kope zinthu izi: wapereka ndalama ndani, kontrakitala ndani, ndalama zingati, ntchito iyamba liti ndipo itha liti. Funso limene ambiri amaiwala ndi lakuti: ndi mphatso kapena ngongole? Zambiri zimene timaziombera m'manja kuti tapatsidwa ndi ngongole zoti adzukulu athu adzabweze, ndipo wokongoza amakhala ndi mawu amene wopereka mphatso alibe. Chikwangwani chikakhala chete pa zimenezi, pitani ku khonsolo. Chitukuko cholowa m'boma chimayenera kudutsa ku DEC, komiti ya akuluakulu a nthambi zosiyanasiyana pa khonsolo, ndipo a ADC ndi a VDC, makomiti a chitukuko a m'dera ndi a m'mudzi, amakhala akuchidziwa. Chimene chalowa osadutsa konseko, chimenecho chiikireni chizindikiro.

Kumudzi musalowe ngati mbala. Yambani mwaonekera kwa amfumu, nenani dzina la bungwe lanu, sonyezani kalata. Ine ndimati, "Gogo, ndabwera kudzaphunzira za chitukuko chimene chafika m'mudzi mwanu muno," ndipo si bodza. Mawu oti "kufufuza" amatseka pakamwa anthu, amaganiza kuti ndinu a CID.

Muli ndi chida chimene ife akale tinalibe, lamulo lopatsa anthu ufulu wopeza nkhani ku maofesi a boma. Linadutsa ku nyumba ya malamulo mu 2016 koma linayamba kugwira ntchito pa 30 September 2020, ndipo amaliyang'anira ndi a Malawi Human Rights Commission. Lembani kalata yaifupi yopempha chinthu chimodzi chodziwika, monga pangano la chitukuko chakutichakuti, osati "zonse zokhudza thandizo lakunja". Lembani makalata awiri ofanana, imodzi musiye, inayo akudindireni chidindo cha tsikulo n'kubwerera nayo. Nthawi zina yankho silibwera. Kusayankhako nakonso timakulemba, ndi tsiku lake. Kumbali ya zipani, lamulo la 2018 limati zopereka zikuluzikulu ziziululidwa kwa mlembi wa zipani, ndiye kumenekonso mungathe kufunsa, ngakhale ine sindinaonepo kuti n'kophweka.

Ntchito yambiri masiku ano ili pafoni. Uthenga ukayamba kuzungulira m'magulu a WhatsApp, wotamanda dziko lina mopitirira muyeso kapena wonyoza lina, musautumize kwa wina. Jambulani sikirini nthawi ndi tsiku zikuoneka, ndipo funsani amene wauponya kuti wautenga kuti. Chithunzi chiikeni pa Google Lens, chida chofufuzira kumene chithunzi chinaonekapo kale pa intaneti. Kangapo ndapeza kuti chithunzi chimene akuti ndi cha ku Lilongwe ndi cha dziko lina ndiponso chakalekale. Pa Facebook tsegulani pamene alemba kuti Page transparency. Pamaoneka tsiku limene tsambalo linatsegulidwa, maina amene linasinthapo, ndipo pa masamba akuluakulu pamaonekanso maiko amene oyendetsa ake ali. Tsamba lodzitcha la Amalawi okonda dziko lawo, koma oyendetsa onse ali kunja ndipo kale linali logulitsa nsapato, limafuna kuliyang'anitsitsa. Mverani ndi Chichewa chake. Chichewa cha makina chimamveka, chimayenda ngati munthu wovala nsapato za mwini. Koma apanso dekhani: Amalawi ambiri ali ku Johannesburg ndi ku London, ndipo ali ndi ufulu wolankhula za kwawo. Kukhala kunja si umboni woti watumidwa ndi boma.

Pa mfundo yomweyi, mlendo mmodzi si boma lake. Mukukumbukira nzika ya China ija inkajambula ana mavidiyo onyoza, inathawa n'kukagwidwa ku Chipata mu 2022? Unali mlandu woipa, koma unali wa munthuyo. Mukaulemba ngati ntchito ya boma la kwawo popanda pepala losonyeza zimenezo, mwawononga lipoti lonse. Chimodzimodzi feteleza wa matani 20,000 amene anabwera mu 2023 kuchokera ku kampani ya ku Russia ya Uralchem. Kuno kwa alimi a chimanga nkhaniyi inali pakamwa pa aliyense, ena akuti atigula. Wofufuza amalemba zimene zilipo: wapereka ndani, analankhula chiyani pa mwambo wopereka, fetelezayo anapita kuti. Kenako amakaona mmene Malawi amavotera ku United Nations, poti zimenezo zili poyera pa intaneti. Mu March 2022 tinavota nawo odzudzula Russia pa nkhondo ya ku Ukraine. Mukaika zinthuzi pamodzi, owerenga aziweruza okha.

Kuno kumalire kuli msampha wake. Anthu a kwathu ndi a ku Chipata ndi amodzi, amakwatirana, amalira maliro limodzi, ena amalima mbali iyi n'kumagona mbali inayo, wailesi za uko timazimva bwinobwino. Ndiye nyengo ya chisankho ikafika mumamva kuti a ku Zambia alembetsa kudzavota. Musathamangire. Funsani kuti ndani, pa senta iti, anamuona ndani. Kawirikawiri mupeza kuti ndi mwana wa m'mudzi momwemo amene anakakwatira kutsidya.

Dzisamaleni. Foni ikhale ndi loko. Maina a anthu amene akuuzani zinthu musawalembe m'kope limodzi ndi zimene anena. Ine ndimawapatsa manambala, ndipo pepala la maina limakhala kwina. Musaponye zimene mwapeza pa Facebook panu, ngakhale zikuyabweni bwanji, chifukwa lamulo la 2016 la za pa intaneti lamangitsapo anthu kale, komanso ntchito yofalitsa ndi ya bungwe, lomwe lili ndi owona za malamulo. Pa bawo ndi pa maliro, ukayenda siya phazi. Wina akakupatsani envelopu kuti "ya fanta", ikaneni mwaulemu ndipo mukanene ku bungwe tsiku lomwelo. Ndipo funsani bungwe lanulo kuti nalonso ndalama limazitenga kuti, poti mabungwe ambiri kuno amadalira maboma akunja omwewo. Langa linandionetsa, n'chifukwa chake ndikadalipo. Mukaona kuti akukutumani kufufuza dziko limodzi lokha n'kumatsinzinira ena, dziwani kuti mwina inuyo ndi amene mwasanduka dzanja la wina.

Lipoti ndimaligawa patatu: zimene ndaona ndekha, zimene ndauzidwa ndi anthu osachepera awiri osadziwana, ndi zimene ndikungoganiza. Gawo lachitatuli limakhala lalifupi, ndipo ndimalilemba ndi pensulo. Ndimatumiza Lachisanu lomaliza la mwezi, ndikakwera minibasi kupita pa boma pomwe netiweki imagwira bwino. Miyezi yambiri lipoti langa limangoti zikwangwani zinayi, makalata awiri osayankhidwa, uthenga umodzi wabodza, dzanja lobisika sindinalipeze. Limenelonso amalilandira n'kuliika m'faelo.