Mmene ndimalondolera matenda a amayi ndi makanda m'dera langa

Ndine mlangizi wa zaumoyo kuno ku Lilongwe, cha ku Mitundu. Anzanga ongoyamba ntchito amandifunsa mmene ndimadziwira msanga kuti khanda kapena mayi wake wadwala.

Ndikangomva kwa a komiti ya zaumoyo ya m'mudzi kuti mayi wachira ndipo wabwerera kunyumba, ndimakafika pakhomo tsiku loyamba, tsiku lachitatu ndi tsiku lachisanu ndi chitatu mwana chibadwire. Osadikira kuti abwera okha kusikelo. Ali m'chikuta, ndipo agogo salola khanda kutuluka mchombo usanagwe.

Sambani m'manja ndi sopo onse akuona, kenaka vundukulani mchombo. Ngati wafiira m'mbali, ukutuluka mafinya kapena ukununkha, funsani mwaulemu chimene apakapo. Ena amapaka phulusa, ena mafuta ophikira, ndipo mukakalipa sadzakuuzaninso. Choyenera kupaka ndi chlorhexidine, mankhwala opha majeremusi a kuchipatala, basi. Werengani kapumidwe kwa mphindi yathunthu mwana ali phee. Akapuma ka 60 kapena kuposa, werenganinso. Zikabwereza, ndi ulendo wa kuchipatala. Chimodzimodzi thupi likatentha kufika madigiri 37.5 kapena kuzizira pansi pa 35.5. Kuzizirako anthu amakunyozera, chonsecho khanda lodwala kwambiri limatha osatentha n'komwe, limangofooka n'kusiya kuyamwa. Chikasu cha m'manja ndi kumapazi, nthiti zolowa m'kati popuma ndi kukomoka, zimenezo sitigona nazo.

Mayi mufunseni pambali, apongozi atatuluka. Pagulu amangoti "ndili bwino". Funsani za kutentha thupi, kupweteka kwa m'mimba chakumusi, zotuluka zonunkha, ndi bala ngati anachira ndi opaleshoni.

Tsono kaundula. Ndimalemba tsiku lobadwa, malo amene mwana anabadwira, tsiku limene zizindikiro zinayamba, ndi kumene ndawatumiza. Malo obadwirawo musamadumphe. Khanda limodzi la mchombo wa mafinya ndi nkhani ya pakhomo, koma atatu mwezi umodzi, onse obadwira malo amodzi, ndi nkhani yoimbira foni oyang'anira ntchito yathu tsiku lomwelo, osadikira lipoti la pamwezi. Imfa ya mayi kapena khanda nayo timanena msanga, ngakhale maliro aikidwa kale.

Amene atumizidwa ku chipatala cha Bwaila kapena cha Kamuzu Central, akabwerako ndimakawapempha buku lawo la kuchipatala, ndione zimene adokotala anapeza, ndilembe pamzere womwe uja.