Kachizindikiro ka webusayiti pa desktop ya Linux, kungodina basi yatseguka

Anzanga a ku Ulongwé, Furancungo, Zóbuè ndi kwina konse amene muli ndi malaputopu okalamba aja a RAM ya 2GB omwe tinachotsamo Windows n'kuikamo Lubuntu kapena Linux ya Xfce kuti aziyendako, iyi ndi yanu. Akuluakulu ambiri kunyumba kulemba adiresi mu browser kumawavuta, chilembo chimodzi chikasowa basi tsamba lakana mamega a Movitel akungopita, ndiye bola kuwaikira kachizindikiro pa desktop azingodina kawiri.

Wa Xfce zake n'zophweka, dinani batani la kumanja la mausi pamalo opanda kanthu pa desktop, sankhani Create URL Link, lembani dzina ndi adiresi, mwatha.

Lubuntu ndiye imafuna kulemba pang'ono, makamaka kuyambira 2018 pomwe anasintha mtundu wa desktop, kusiya LXDE n'kutenga LXQt. Koma ine njira yolembayi ndi imene ndimaikonda chifukwa imagwira pafupifupi paliponse ndipo kafayiloko mutha kukaika pa flash n'kukapatsa mnzanu. Tsegulani pulogalamu yolembera mawu ya FeatherPad, kapena Mousepad ngati ndi imene ilipo, mulembe izi momwe zililimu:

[Desktop Entry]
Type=Application
Name=WhatsApp
Exec=xdg-open https://web.whatsapp.com
Icon=web-browser
Terminal=false

Pa Name lembani chilichonse, ngakhale "Mauthenga a ana" ngati amayi angamve bwino choncho. Koma mawu a kumanzere kwa = asiyeni m'Chingerezi ngakhale makina anu ali m'Chipwitikizi, mukalemba Nome m'malo mwa Name sichigwira, ndipo zilembo zazikulu zikhale zazikulu. Ka xdg-open ako ntchito yake n'kutsegula adiresi ndi browser imene munasankha kuti ikhale yanthawi zonse, ndiye tsiku lomwe mudzatope ndi Firefox n'kuika ina yopepuka simudzavutika kusintha mafayilo onse.

Sungani ndi dzina lothera ndi .desktop, mwachitsanzo whatsapp.desktop, osati .txt ayi. Apa ndi pomwe ife a kuno timasokonekera, malangizo ambiri amati sungani mu foda ya Desktop koma makina oikidwa m'Chipwitikizi fodayo imakhala ndi dzina lina, nthawi zambiri Área de Trabalho, munthu n'kupanga foda yatsopano ya Desktop kuikamo fayilo kenako n'kumadabwa kuti pa sikirini palibe chatuluka. Tsegulani terminal, windo lija lolembamo malamulo, mulembe xdg-user-dir DESKTOP, ikuuzani foda yeniyeni.

Kachizindikiro kakaoneka mwina kakhala ndi chizindikiro chofuula pakona, kapena mukadina kazikufunsani mafunso. Pa Lubuntu kadineni ndi batani la kumanja musankhe Trust this executable. Kwina mulowe mu fodayo pa terminal mulembe chmod +x whatsapp.desktop. Kufunsako musakwiye nako, fayilo ya .desktop imatha kuyendetsa lamulo lililonse, ndiye wina akakupatsani yake itseguleni kaye mu FeatherPad muone mzere wa Exec musanaikhulupirire.

Ma adiresi ataliatali aja okhala ndi & kapena ? aikeni pakati pa " ndi ", ndipo pomwe pali % lembani %% chifukwa mu Exec chizindikirocho chili ndi ntchito yake ina. Ichi chimazunza anthu kwambiri, tsamba kumatseguka lolakwika osadziwa chifukwa.

Mukafuna kuti kazionekanso mu menyu ya mapulogalamu, koperani fayiloyo mu ~/.local/share/applications, ndi foda yobisika, Ctrl+H imaionetsa. Amene muli ndi Chromium yesani Exec=chromium --app=https://ny.wikipedia.org, tsamba limatseguka pawindo lakelake lopanda ma tab ndi malo a adiresi, pa kasikirini kakang'ono kaja malo amachuluka ndithu. Intaneti yokha ikufunikabe, kachizindikiroka sikasunga tsamba mu kompyuta, netiweki ikathawa nakonso sikatsegula kanthu.