Zoyenera kufufuza musanavomere ntchito ya kunja

Bungwe loona za ntchito padziko lonse la ILO linawerengera kuti mu 2019 anthu pafupifupi 169 miliyoni ankagwira ntchito kunja kwa mayiko awo, ndipo World Bank imati mu 2023 ndalama zimene anthu okhala kunja anatumiza kumayiko amene akutukuka kumene zinaposa madola 650 biliyoni. Ndalama zilikodi. Koma zoti munthu adzabwera ndi kanthu kapena chimanjamanja zimakhala zitadziwika kale asanakwere ndege.

Yambani ndi ejenti. Mufunseni nambala ya laisensi yake, mukaitsimikize nokha ku unduna wa zantchito. Kampani imene akuti ikukufunaniyo muiimbire pa nambala imene mwaipeza panokha, osati imene wakupatsani iye. Boma la UK, mwachitsanzo, limaika pa intaneti mayina a makampani onse ololedwa kulemba anthu ochokera kunja. Kampani ikasowa pamndandandawo, ntchitoyo palibe.

Kenako nkhani ya ndalama zolipira ejenti, imene yagwetsa ambiri. Pangano la ILO nambala 181 la mu 1997 limati ejenti asalipiritse wofuna ntchito; wolipira akhale wolemba ntchito. Malamulo a ku Qatar ndi ku United Arab Emirates amaletsanso mchitidwewu, ngakhale kuti anthu amalipiritsidwabe kwawo asananyamuke. Musanakongole, khalani pansi muwerengetsere. Malipiro otsikitsitsa ku Qatar kuyambira mu 2021 ndi ma riyal 1,000 pamwezi, amene ndi madola pafupifupi 275. Tiyerekeze mwakongola madola 1,500 ndipo mukubweza 150 pamwezi. Popanda chiwongoladzanja, miyezi 10 yoyamba mukugwirira ngongole. Ikakhala ya katapila wa 10 peresenti pamwezi, madola 150 aja akungothera ku chiwongoladzanja, ngongole ili chiimire. Munthu wa ngongole yotere satsegula pakamwa bwana akamudula malipiro, chifukwa akudziwa kuti akabwezedwa kwawo munda kapena nyumba ya chikole yapita.

Viza iyenera kukhala yogwirira ntchito, ndipo ikhale m'manja mwanu musananyamuke. Ejenti akati "pitani ndi viza ya alendo, tikakusinthirani mukafika", kanani. Masiku a vizayo akatha mumasanduka wokhala m'dzikomo mozemba, m'mayiko ena chindapusa chimakwera tsiku ndi tsiku, ndipo simungakadandaule kulikonse osadziulula. Chenjeraninso ngati tikiti ikukusiyani m'dziko lina, ntchito ili m'dziko lina. Anthu ambiri amene analonjezedwa ntchito za pakompyuta ku Thailand anawolotsedwa malire n'kukatsekeredwa ku Myanmar, kumene amawakakamiza kubera anthu pa intaneti.

Kontrakiti muiwerenge modekha, m'chiyankhulo chimene mumamva, ejenti asakuimireni pamutu. Ionetse dzina ndi adiresi ya wolemba ntchito, ntchito yeniyeniyo, malipiro enieni powasiyanitsa ndi maalawansi, ndalama ya dziko liti, maola a patsiku, malipiro a ovataimu, tsiku lopuma, amene adzalipire nyumba, chakudya ndi chipatala, komanso tikiti yobwerera. Kusiyanitsa malipiro ndi maalawansi n'kofunika chifukwa m'mayiko ena, monga ku United Arab Emirates, ndalama ya pomaliza kontrakiti imawerengeredwa pa malipiro okha. Bwana wochenjera amachepetsa malipirowo n'kufufumitsa maalawansi kuti chiwerengero chioneke chachikulu. Onaninso zimene adzakuduleni mukasiya ntchito nthawi isanakwane.

Chinyengo chofala n'chosintha kontrakiti. Mwafika mutatopa, usiku, ndiye akukupatsani pepala lina, la chiyankhulo chachilendo, malipiro atatsika. Jambulani tsamba lililonse la kontrakiti yoyamba, pasipoti ndi viza. Zithunzizo muzisunge mu imelo yanu ndipo zina musiyire wachibale wodalirika. Foni imatha kulandidwa, n'chifukwa chake nambala ya ofesi ya kazembe wa dziko lanu muilembenso pakapepala.

M'mayiko a ku Gulf (monga Qatar, Saudi Arabia ndi United Arab Emirates), ku Lebanon ndi ku Jordan muli dongosolo lotchedwa kafala, limene limamangirira chilolezo chanu chokhala m'dzikomo kwa bwana mmodzi. Mukachoka osatsata ndondomeko, iye akhoza kukanena kuti mwathawa, mlandu n'kukhala wanu. Qatar inachotsa mu 2020 lamulo lofuna chilolezo cha bwana posintha ntchito, ndipo Saudi Arabia inafewetsa malamulo ake mu 2021, koma ku Saudi Arabiako antchito a m'nyumba sanawaphatikizemo. Choncho funsani malamulo okhudza ntchito yanuyo, osati a dziko chabe. Pasipoti ndi yanu. Bwana akaitenga kuti akonzere zikalata, ibwerere m'manja mwanu akangomaliza.

Malipiro azilowa mu akaunti ya dzina lanu, ndipo muzilemba maola amene mwagwira tsiku lililonse. Pamlandu wa malipiro, kabuku kotere ndi sitetimenti ya kubanki zimalemera kuposa mawu a pakamwa.

Potumiza ndalama kwanu musakopeke ndi mawu akuti "kutumiza n'kwaulere". Kampani yotumizira imadya pawiri: pa ndalama yolipira potumiza ndi pa mtengo wosinthira ndalama, ndipo pachiwiripa m'pamene pamabisala phindu lake. Funso n'limodzi: ndikapereka madola 200, wolandirayo agwira zingati? Funsani makampani atatu tsiku limodzi. Padziko lonse kutumiza kumadya pafupifupi madola 6 pa 100 alionse, ndipo kutumiza kumayiko a kum'mwera kwa Sahara n'kodula kuposa chigawo china chilichonse, pomwe United Nations ikufuna kuti pofika 2030 mtengowu utsike kufika pansi pa madola 3. Pa madola 200 pamwezi, kusiyana kwa 6 ndi 3 peresenti ndi madola 72 pachaka.