Ngati mango anu akungophuka masamba, lekani kuthirira

Anzanga amene muli ndi mango omezanitsa pakhomo, makamaka inu okhala ndi mpopi pafupi, imvani izi. Ine ndinataya zaka ziwiri ndikuthirira mtengo wanga tsiku ndi tsiku, madzi otsukira mbale onse ankathera patsinde pake. Unkangotulutsa masamba anthete ofiirira, duwa ngakhale limodzi ayi.

Mvula ikasiya mu Epulo, lekani kuthirira, ndipo Urea musathire. Mtengo wa mango umafuna nthaka youma ndi kuzizira kwa usiku kwa mu Juni ndi Julayi kuti nsonga za nthambi zitulutse maluwa. Mukaupatsa madzi ndi fetereza nthawi imeneyi umayesa ndi dzinja, n'kuyamba kuphuka masamba. Kuno ku Chipata chisanu chathu chimakwanira bwino, sitisowa mankhwala okakamiza maluwa.

Maluwa akayoyoka, timango tikafika ngati nsawawa, yambiraninso kuthirira, ndowa zingapo kamodzi pa sabata, mozungulira pamene pathera mthunzi. Apa musachite ulesi: dzuwa la Okutobala limagwetsa timango pa mtengo waludzu, mumangotitola pansi m'mawa.

Koma timitengo tating'ono tomwe sitinayambe kubereka musatimane madzi, tingaume.