Amalume agula njinga ku Nottingham, nazi zomwe ndakhala ndikuwauza

Mwezi wa Marichi amalume anandiimbira pa WhatsApp usiku ndithu, ine nditatseka kale pa shedi yanga ku Chinamwali, akuti mphwanga ndagula njinga. Munthu wa zaka 68, ali ku Nottingham, mzinda wa ku England, kuyambira 2004, adokotala awauza kuti shuga wakwera ndiye ayambe kugwedeza thupi. Poti ine ntchito yanga ndi yomata machubu ndi kuwongola malimu kuyambira ndili mnyamata mafunso onse akugwera ine, kenako anzawo a ku tchalitchi kumeneko nawonso ayamba kutumiza mavoisi, ndiye ndati bola ndilembe kamodzi aliyense adziwerengere yekha.

Chondiseketsa n'choti dzina loti hamba lija, njinga yakuda yomwe amalume ankanyamulira mpunga kuchokera ku Jali kubwera nawo mu tauni, linachokera ku Humber, ndipo fakitale ya Humber inali ku Beeston, pafupi pomwe ndi komwe akukhala panopa. Raleigh nayonso kwawo ndi ku Nottingham komweko, anasiya kupangira njinga mumzindamo mu 2002. Ndiye mukaona, amalume anakafika kwawo kwa njinga eni ake atangosamuka kumene.

Tiyambe ndi njinga yeniyeniyo, chifukwa apa ndi pomwe amalume anaphonya. Anakagula ya mpikisano, ija ya mahandulo opindikira pansi ngati nyanga za nkhosa ndi timatayala towonda ngati chala, ati inali yotchipa kwa munthu wina amene amasamuka. Sabata imodzi yokha khosi linauma, msana ukuwawa, manja akuchita dzanzi. Inu akuluakulu, gulani njinga yoti mukakhala pa chishalo msana uziima pafupifupi chilili ndipo maso aziona kutsogolo osakweza khosi, matayala akhale onenepako, mamilimita 35 kapena 40 kupita m'mwamba, ikhale ndi madigadi chifukwa mvula ya kumeneko ilibe nyengo. Ndipo ndinena ngakhale muipidwe nazo, ija timaitcha yachizimayi, yopanda mtanda, ndiyo yabwino kwa munthu wamkulu. Anthu achikulire sagwa njinga ikuthamanga pokha ayi, amagwanso pokwera ndi potsika, mwendo wakodwa pa mtanda, ndipo chiuno chikathyoka pa msinkhu umenewo sichilunzika msanga. Amalume anakana milungu itatu, ati anthu andiona bwanji. Ndinawafunsa kuti anthu ake ati, a ku Matawale? Kumeneko palibe amene amakuyang'anani. Anasinthitsa, pano ndi amene akulalikira anzawo za njinga yopanda mtanda.

Chishalo chisakhale pansi kwambiri. Ambiri amachitsitsa kuti mapazi onse azifika pansi ali chikhalire, koma zimenezo ndi zomwe zimapha mawondo. Yezani chonchi, tsamirani khoma, khalani pa chishalo, ikani chidendene pa pedulo ili pansi penipeni, mwendo uwongoke bwinobwino koma chiuno chisapendekeke. Mukamapalasa ndi kutsogolo kwa phazi bondo lizipindika pang'ono chabe. Ngati mudakali ndi mantha tsitsaniko pang'ono masiku oyamba, muzikweza pang'onopang'ono mantha akamatha.

Za magiya. Ife tinakulira njinga ya giya imodzi, pa chitunda umaimirira n'kumakankha ndi thupi lonse ngati anyamata a kabaza, zikakanika umatsika n'kumaikoka. Chizolowezi chimenecho chisiyeni ku Zomba kuno. Magiya anaikidwa kuti mwendo uzizungulira mopepuka, ndiye sinthani musanafike pa chitunda osati muli pakati pake tcheni chitakungika, ndipo posinthapo mapedulo aziyenda koma osawapondereza. Ngati njinga yanu magiya ake ali m'kati mwa habu ya kumbuyo, chitsulo cha pakati pa wilo chija, ngati a Sturmey-Archer kapena Shimano Nexus, mwayi wanu, amenewo mutha kusintha mutaima pa maloboti. Mukamva bondo likulira dziwani kuti giya yalemera, musalimbane nayo.

Kayambidwe kake, osatengera kuti kale munkachoka ku Kachulu ndi dengu la matemba m'bandakucha n'kufika pa msika wa Zomba dzuwa lisanatenthe. Thupi limenelo linali la munthu wina. Yambani ndi mphindi 15, katatu pa sabata, malo athyathyathya opanda magalimoto, ku Nottingham kuli njira yabwino ya m'mbali mwa ngalande yopita ku Beeston ndi ina ya m'mbali mwa mtsinje wa Trent. A bungwe la zaumoyo padziko lonse la WHO amati munthu wa zaka 65 kupita m'mwamba azipeza mphindi zosachepera 150 pa sabata zogwiritsa ntchito thupi mwapakatikati, koma kumeneko mukafikako m'miyezi, osati sabata yoyamba. Liwiro loyenera ndi lija mutha kucheza ndi mnzanu mukupalasa koma nyimbo ya kwaya simungaimalize. Adokotala adziwe kuti mwayamba, makamaka ngati muli pa mankhwala a bipi kapena a shuga, ndipo a shuga muziyenda ndi maswiti m'thumba chifukwa mankhwala ena amatha kumugwetsa shugayo muli pa njira. Pachifuwa pakathina, kapena chizungulire, kapena mpweya ukuvuta mwachilendo, imani pomwepo, sizikusintha imbani 999, nambala yoitanira ambulansi, ngati muli ku UK. Osati kuimbira mphwanu wa ku Chinamwali, ine ndimadziwa za njinga basi.

Mabuleki a njinga za kumeneko amaluma. Ife tinazolowera a zitsulo aja a pa hamba, umafinya mpaka zala kuwawa njinga ikungopitabe, n'chifukwa chake azibambo otsika ndi nkhuni msewu wa Ku Chawe amathandizira ndi phazi. Mukafinya choncho buleki yakutsogolo ya njinga yamakono mudutsa pamwamba pa mahandulo. Dziwani kaye dzanja lake, ku UK yakutsogolo imakhala kumanja, pamene ku America ndi mayiko ambiri a ku Ulaya imakhala kumanzere, ndiye mukabwereka njinga paulendo yesani musanakwere. Pitani ku paki, yesererani kuima kakhumi, mukufinya onse awiri pang'onopang'ono, thupi mutalibweza m'mbuyo.

Malamulo ndingodutsamo. Ku UK amayenda kumanzere ngati kwathu kuno, koma a ku Germany, America ndi Canada samalani, kumeneko ndi kumanja ndipo mutu umabwerera ku zakale makamaka potuluka pa mphambano. Ku England njira ya oyenda pansi m'mbali mwa msewu si yanu pokhapokha pali chikwangwani cholola njinga. Kukada lamulo limafuna nyali yoyera kutsogolo ndi yofiira kumbuyo, ndipo mu Disembala kumeneko dzuwa limalowa 4 koloko isanakwane, ndiye nyali zizikhala pa njinga nthawi zonse. Helemeti ku UK si lamulo, ku Australia ndi ku South Africa ndi lamulo, ine ndimati valani kulikonse. Kuyambira 2022 malamulo a pamsewu a ku UK amati galimoto ikupatseni mita imodzi ndi theka ikamakupitirirani, koma si onse amatsata, ndiye musadziphatike ku mapeto a msewu ngati momwe timathawira mathiraki pa M3, ndiponso talikiranani ndi magalimoto oimikidwa chifukwa chitseko chimatseguka mwadzidzidzi. Lole kapena basi ikaima pa maloboti musalowe kumanzere kwake, dalaivala sakuonani. Ndipo ku Nottingham kuli ma tram, timasitima toyenda m'tauni, njanji zake zili mu msewu momwemo, tayala likalowa mu mpata wa njanji mwagwa basi, ndiye muzizidutsa mopingasa osati motsatana nazo, makamaka kukanyowa.

Tsopano gawo langa lenileni, kusamala njinga.

Mpweya kaye. Kuno timadina tayala ndi chala n'kuti lakhuta, koma chala cha munthu chimanama. Pa nthiti ya tayala pamalembedwa manambala a PSI, womwe ndi muyeso wa mpweya, ochepa ndi ochuluka, gulani pampu yoima pansi yokhala ndi geji n'kumapopa pakati pa manambala awiriwo kamodzi pa sabata, chifukwa chubu chimataya mpweya chokha ngakhale chisanabooke. Tayala lofewa limalemetsa njinga komanso mukagunda dzenje limu imatsina chubu n'kusiya timabowo tiwiri ngati kuluma kwa njoka. Valavu zake si zathu zija za kamphira m'kati. Kumeneko mupeza yonenepa ngati ya galimoto, dzina lake Schrader, kapena yowonda, Presta, yomwe muyenera kumasula kanati kake kapamwamba musanapope. Amalume anapopa mpaka thukuta osamasula kanati kameneko, n'kundiimbira kuti pampu anawagulitsa yakufa.

Tcheni ndi pomwe pagona nkhani. Mdani wa tcheni ku Zomba ndi fumbi la mu Okutobala ndi matope a mu Januwale, koma kumeneko mdani ndi mchere. Nyengo yozizira amawaza mchere m'misewu kuti madzi asaundane, mcherewo ukasakanizika ndi madzi umalowa paliponse, tcheni mukachisiya chonyowa masiku awiri muchipeza chafiira dzimbiri. Ndiye mukabwera ku ulendo wonyowa musangoikankhira njinga mu shedi n'kuthamangira tiyi. Tengani chidebe cha madzi, tsukani mcherewo pa tcheni, pa magiya ndi m'malimu, pukutani ndi chisanza chouma mukuzunguliza pedulo chammbuyo, kenako dontho limodzi la oyilo pa kachidutswa kalikonse ka tcheni, dikirani pang'ono alowe, mupukutenso mpaka kunja kuoneke ngati kouma. Oyilo amagwira ntchito m'kati mwa timapini, wakunjayo amangoitana mchenga, ndipo mchenga ndi oyilo zikakumana zimapera mano a fuliwilo, pomwe tcheni chimakola pa wilo ya kumbuyo, ngati chigayo. Ndikudziwa kuti kuno timathira oyilo wakuda wochoka mu injini, ine ndemwe ndathirapo zaka zambiri chifukwa ndi amene makasitomala angakwanitse, koma inu kabotolo ka oyilo wa njinga mukatha kugula, tengani wolembedwa kuti ndi wa nyengo yonyowa. WD-40, mafuta opopera aja a m'kachitini, ndi wabwino pochotsa madzi ndi kumasula zolimba koma satenga nthawi pa tcheni, musamuyese oyilo. Paipi ya madzi amphamvu ya kotsukira magalimoto ayi, imathamangitsa girizi m'mahabu.

Tcheni chimatha, timapini timadyeka ndiye chimakhala ngati chatalika. Pali kachitsulo kotchipa koyezera, kali ndi 0.5 mbali ina ndi 0.75 mbali inayo, kakalowa konse pa 0.75 sinthani tcheni msanga chisanadye magiya a kumbuyo, apo ayi mugula zonse pamodzi.

Ngati mabuleki anu ndi a chimbale chachitsulo pakati pa wilo, oyilo asayandikireko ngakhale dontho, ngakhale zala zamafuta, akangodonthera amalira ngati nkhumba ndipo sagwiranso mpaka mutasintha mapadi. Ngati ndi a mphira zogwira limu, yang'anani timizere ta pa mphirapo, tikafafanizika mphira zatha, komanso muzichotsa timiyala tolowamo.

Kuponcha kudzabwera ndithu, ndipo kumeneko simupeza munthu pansi pa mtengo wa mango ali ndi beseni la madzi ndi solushoni ngati pa Mpondabwino. Muziyenda ndi chubu chatsopano cha saizi ya tayala lanu, saiziyo yalembedwa pa nthiti pomwepo, tizitsulo kapena timapulasitiki totsegulira tayala, kapampu kakang'ono ndi ma Allen key, tizitsulo topindika tomasulira mabauti, a saizi 4, 5 ndi 6, awa amamasula pafupifupi chilichonse pa njinga yamakono. Pa msewu mungosintha chubu, kumata mukamatira kunyumba kofunda. Musanaike chatsopano yendetsani chala mosamala m'kati mwa tayala monse, munga kapena kagalasi kakatsala muponchanso musanafike patali. Yesererani kaye pa balaza tsiku lina, chifukwa kuphunzira kuchotsa wilo ya kumbuyo zala zitauma ndi chisanu si zocheza. Zala zikakhala za nyamakazi gulani matayala olimba osaponcha wamba ngati Schwalbe Marathon, ndi odula komanso ovuta kuvala, awaike a ku shopu. Ndipo tsiku lomwe mudzafune kumasula pedulo yakumanzere kumbukirani kuti mazinga ake ndi otembenuka, imamasuka mukapotokola mbali yomwe zinazo zimamangira.

Kamodzi pa chaka ipititseni kwa okonza aione yonse, ndalama yake mukaisintha mu makwacha mutu uwawa, musamasinthe. Akuba njinga kumeneko aliko ambiri, gulani loko wachitsulo wooneka ngati U, mangani fulemu osati wilo yokha, jambulani nambala ya fulemu yomwe imakhala pansi pakati pa mapedulo.

Ena andifunsa za njinga ya batire, ati kodi si ulesi. Ayi, mumapalasabe, injiniyo imangokukankhaniko pa chitunda, ndipo ku UK yovomerezeka ngati njinga wamba ndi ya mphamvu zosapitirira mawati 250 yomwe imasiya kuthandiza mukafika makilomita 25 pa ola. Ndi yolemera, ndiye ngati mumakhala m'mwamba mopanda chikepe ganizani kaye. Batire muzitchaja ndi tchaja yake yomwe inabwera nayo, muli maso, osati usiku mukugona kapena pa khomo lotulukira, mabatire otchipa osadziwika komwe achokera ayatsa nyumba kumeneko.

Kukachita chisanu choti msewu ukunyezimira m'mawa, tsiku limenelo njinga igone, yendani pansi kapena khalani. Ikakhala nthawi yaitali osayenda muziipopabe kuti matayala asang'ambike m'nthiti. Amalume tinapangana kuti Lamlungu lililonse akachoka ku tchalitchi azinditumizira chithunzi cha tcheni. Cha sabata yatha chinali chonyezimira oyilo mpaka kudontha pa kapeti, ndawauza apukutenso anti asanaone.