Kulumikiza foda ya pa seva kudzera mu NFS pa Linux

NFS (Network File System), njira yogawana mafailo pa netiweki yomwe kampani ya Sun Microsystems idatulutsa mu 1984, imachititsa kuti foda ya pa seva izioneka ngati ili pa kompyuta yanu. Mafailo amakhalabe pa seva; kuwerenga ndi kulemba kumadutsa pa netiweki, pa poti 2049.

1. Pa seva ya Ubuntu kapena Debian, ikani nfs-kernel-server.
2. Mu /etc/exports lembani: /srv/data 192.168.1.0/24(rw,sync,no_subtree_check). Apa /srv/data ndi foda yomwe mukugawa, ndipo 192.168.1.0/24 ndi netiweki yomwe mukuilola. Samalani apa: mukasiya mpata pakati pa 24 ndi bulaketi, fodayo imatsegukira kompyuta iliyonse kuti ilembemo.
3. Lamulani exportfs -ra, ndipo tsegulani poti 2049 pa firewall.
4. Pa kompyuta yolandira, ikani nfs-common, pangani foda /mnt/data, kenako lamulani izi (192.168.1.10 ndi adilesi ya seva): mount -t nfs 192.168.1.10:/srv/data /mnt/data
5. Kuti zizichitika zokha poyatsa, lembani kulumikizaku mu /etc/fstab ya kompyuta yolandira, muonjezere _netdev kuti idikire netiweki.

Ikakana kulemba, yang'anani manambala a UID (nambala yozindikiritsa munthu aliyense wogwiritsa ntchito kompyuta) ngati akufanana pa makompyuta onse awiri, chifukwa NFS imayendera nambala, osati dzina la munthu. Ngakhale root (woyang'anira wamkulu) wa pa kompyuta yolandira amasandutsidwa nobody (akaunti yopanda mphamvu) chifukwa cha root_squash. Musathamangire kuchotsa chitetezo chimenechi. Seva ikazima, mapulogalamu amangodikira mpaka ibwerere, chifukwa njira ya mount yotchedwa hard ndi yomwe imakhalapo kale. Zisiyeni choncho, njira ina ya soft, yomwe imasiya kudikira, ikhoza kuwononga mafailo.